Abwere adzaone mmene timadinira foni kuno ku Chigwa

Akonzi,

Zikomo pondipatsa mpata m'nyuzipepala yanu. Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndimakhala kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, m'dera la mfumu yaikulu Mlolo m'boma la Nsanje. Nditapuma ndinatsegula kashopu kotchajira mafoni ndi sola, ndipo ndinenso ejenti wa ndalama za pa foni. Ndalemba chifukwa masiku ano msonkhano uliwonse wa chitukuko ukumathera pa mawu amodzi, akuti zonse zizichitika pa foni: ndalama za chithandizo, kalembera, machenjezo a mvula, ngakhale madandaulo.

Ine sindikutsutsa zimenezi. Ndingatsutse bwanji pamene ndikudyera momwemo? Airtel Money ndi Mpamba zinatichotsera maulendo ambiri opita ku banki ku Nchalo kapena kuboma. Mwana akatumiza ndalama ali ku Blantyre, mayi ake amagula nazo ufa madzulo omwewo. Ndipo ndikukumbukira bwino nthawi ya makuponi a pepala, pamene mayina a anthu amene tinawaika m'manda kalekale ankalandira katundu, amoyo akubwerera chimanjamanja. Amene akufuna tibwerere kumeneko asandiwerengere.

Vuto ndi lakuti amene amakonza njira zatsopanozi ku Lilongwe ndi ku Blantyre amakonzera munthu amene kuno kulibe. Munthu wawoyo ali ndi foni yakeyake yodzaza moto nthawi zonse, amawerenga msanga, dzina lake linalembedwa mofanana paliponse, amagona nyumba imodzi chaka chonse, ndipo chiphaso chake sichinanyowepo. Ngati munthu wotere alipo ku Makhanga, ine sindinamuone. Anthu amene amabwera pa shopu yanga ndi ena, ndipo ndikufuna ndiwafotokoze, chifukwa zikuoneka kuti palibe amene anapita kukawaona asanayambe kulemba mapulogalamu ake.

Ndiyambe ndi simukhadi. Agogo ambiri amene amalandira chithandizo alibe foni, ali ndi simukhadi yokha. Amaimanga pa mfundo ya chitenje kapena kuikulunga m'kapepala ka shuga pamodzi ndi chiphaso. Akamva mphekesera kuti ndalama zalowa, amabwereka foni ya mdzukulu kapena ya woyandikana naye nyumba, kapena kubwera kwa ine kuti tiike simukhadiyo m'kafoni kanga ka mabatani. Ndiye kuti uthenga umene bungwe linatumiza Lachiwiri, lokhutira kuti lawadziwitsa anthu, mwini wake amauona Loweruka, mwinanso sauona n'komwe. Simukhadi ikagona miyezi yambiri osagwira ntchito, kampani imaitseka, ndipo pakapita nthawi nambalayo imagulitsidwa kwa munthu wina. Ndi mmene makampani a mafoni amachitira kulikonse, ndipo pa malonda awo n'zomveka. Koma bungwe limene linalemba nambala ija chaka chatha, likatumiza ndalama chaka chino osafufuza kaye, ndalamazo zimakagwera kwa mlendo ku Mzimba. M'kompyuta yawo zimaoneka kuti agogo alandira.

Kenako pali nambala yachinsinsi. Zikwangwani zonse zimati musauze munthu aliyense, ngakhale ejenti. Malangizo abwino ndithu. Koma mayi amene sanapondepo m'kalasi, maso akuchita khungu, akawauza kuti adine manambala anayi pa timabatani tating'ono, amangopereka foniyo kwa ine n'kunena manambalawo mokweza, mzere wonse ukumva. Ena amalemba pa chikutiro cha buku la kuchipatala. Ena nambalayo imadziwidwa ndi mdzukulu yekha, ndipo mdzukuluyo ndi amene amaona kuti agogo apatsidwe zingati. Ukalakwitsa kangapo, akaunti imatsekeka, ndipo kuti itsekuke uyenera kuimba foni n'kuyankha mafunso onga akuti munatumiza ndalama zingati komaliza. Agogo angayankhe chiyani pamene sanatumizepo okha?

Apa ndi pamene ndimaona kuti okonzawo sanakhalepo pafupi ndi ife. Akanakhala, akanavomereza kuti anthu ambiri amathandizidwa ndi wina podina foni, ndipo akanakonza zinthu mogwirizana ndi zimenezo m'malo moziletsa pa chikwangwani. Pakanakhala njira yoti wolandira asankhe munthu mmodzi womukhulupirira, alembedwe poyera ngati womuthandiza, kuti zikasokonekera tidziwe wofunsa. Pakanakhala kuti ndalama zikatapidwa, foni ilire ndipo mawu a munthu anene m'Chisena kapena m'Chimang'anja kuti zalowa zakuti, zatapidwa zakuti, zatsala zakuti. Khutu la agogo likugwira ntchito bwinobwino. Ndi kangati ndamva mayi akufunsa kuti, "Aphunzitsi, ati zabwera zingati?" Funso limenelo ndi khomo limene akuba amalowera, chifukwa wofunsidwayo akhoza kutchula chiwerengero chilichonse.

Njira yodina nyenyezi ndi manambala ija ndi yabwino chifukwa imagwira pa foni iliyonse, sifuna intaneti kapena bandulo. Koma ili ndi khalidwe limodzi: ukachedwa kuyankha, imaduka, uyambirenso. Munthu wowerenga pang'onopang'ono, akuloza chilembo chimodzichimodzi ndi chala, amafika pa funso lachitatu n'kupeza zonse zafufutika. Bungwe lina linatibweretsera kafukufuku wa mafunso ambirimbiri pa njira imeneyi, ati tiwauze ngati takhutira ndi chithandizo. Amene anafika kumapeto anali achinyamata a ku sekondale okha. Ndikukhulupirira kuti lipoti linatuluka lonena kuti anthu a kuno ndi okhutira kwambiri.

Tsiku lolandira ndalama ndi nkhani ina. Bungwe limadina batani limodzi mu ofesi, ndalama n'kulowa m'mafoni a midzi yonse nthawi imodzi. Kwa iwo ntchito yatha pamenepo. Kwa ife ndi pamene yayamba, chifukwa ndalama ya pa foni sugulira mapira pa msika wa kumudzi, pamafunika yogwira m'manja. Ejenti ngati ine amakhala ndi ndalama zochepa m'kabati, zokwana malonda a tsiku wamba. Dzuwa lisanafike pamutu zimakhala zatha, anthu ali pa mzere mpaka ku mjigo. Kuti ndikapeze zina ndiyenera kuwoloka Shire kapena kuzungulira msewu wa ku Thabwa. Pamenepo ndi pamene anzathu ena osaopa Mulungu amayamba kunena kuti ndikupatsani ndalama pokhapokha mugule sopo ndi mchere m'golosale mwanga, kapena kudula kenakake pamwamba pa mtengo wovomerezeka. Mankhwala ake si ovuta: lipirani midzi mosinthana masiku, tiuzeni ma ejenti sabata isanakwane kuti tikonzekere, ndipo muziika ndalama yotapira pamwamba kuti wolandira atenge zonse zimene munamulonjeza. Palibe luso la kompyuta limene likufunika apa, koma kungofunsa kuti ndalamayo ikalowa m'foni imayenda bwanji mpaka kufika m'poto.

Za mauthenga a akuba ndingonena mwachidule. Aliyense analandirapo meseji yoti mwawina kapena tumizani pa nambala iyi. Tsono uthenga weniweni wa bungwe ukabwera m'Chingerezi, kuchokera ku nambala yosadziwika, anthu ena amaufufuta poganiza kuti ndi akuba, pamene uthenga wa akuba, wolembedwa m'Chichewa chomveka bwino, amaukhulupirira. Akubawo anaphunzira mmene timalankhulira kuposa otithandiza.

Tsopano mafomu. Namondwe Freddy atatigwera mu Malichi 2023, ndinali m'komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo ndinaona mmene kalembera amachitikira m'misasa. Amabwera achinyamata ndi matabuleti, aulemu ndithu, ena ana athu omwe. Funso loyamba: mutu wa banja ndani? Kuno kuli mabanja ambiri a mitala. Bambo mmodzi, nyumba zitatu, mafuwa atatu, ana osiyana. Fomu ili ndi malo a mutu umodzi ndi nambala ya foni imodzi. Mukalemba bamboyo, chithandizo chimapita kumene mtima wake uli chaka chimenecho, ndipo nyumba zinazo zimaonerera. Mayi aliyense wa kuno akanatha kuwauza okonza fomuwo kuti funso loyenera ndi lakuti ndani amaphika, ndipo amadyetsa anthu angati.

Tabuletiyo sinkalola kupita ku funso lotsatira ngati sunalembe nambala ya foni ndi ya chiphaso. Munthu wathawa usiku madzi ali m'chiuno, mwana kumsana, wina m'manja, ndiye mukuti chiphaso chili kuti? Achinyamata aja, pofuna kuti munthu asatsale, ankalemba nambala ya mfumu, ya m'busa, kapena yawo yomwe. Sindikuwaimba mlandu, anachita zimene mtima unawauza. Koma mapeto ake ndi akuti ku likulu kumafika kaundula wooneka wodzaza bwino, wopanda mpata ndi umodzi womwe, koma m'kati mwake muli zabodza zimene fomuyo inakakamiza anthu kunena. Kukanakhala bwino pakanakhala poti udine kuti chiphaso chapita ndi madzi, n'kupitiriza. Bwenzi akuluakulu akudziwanso kuchuluka kwa anthu ofunika ziphaso zatsopano.

Ndipo sanali kalembera mmodzi. Lero bungwe ili, mawa lina, mkuja linanso, mafunso ake omwewo: muli ndi mbuzi zingati, denga ndi la chiyani, munadya kangati dzulo. Munthu amene mbuzi zake zangokokoloka akufunsidwa za mbuzi mobwerezabwereza, ndipo ambiri mwa ofunsawo sabweranso ngakhale kudzanena kuti simunasankhidwe. Boma lili ndi kaundula wa mabanja wotchedwa UBR, amene cholinga chake n'chakuti mapulogalamu monga Mtukula Pakhomo ndi ena azitenga mayina pamalo amodzi. Ganizo limenelo ndi labwino. Koma kaundula amakalamba: anthu amamwalira, amakwatiwa, amasamuka, ndipo kuno mudzi wathunthu umatha kusamuka usiku umodzi. Pakufunika njira yapafupi yoti munthu apite pa ofesi ya m'dera lake, aone zimene zinalembedwa za iye, n'kukonzetsa zolakwika, osadikira kalembera wina wa zaka zikubwerazo.

Chinanso chimene mafomu sadziwa ndi chakuti ife ambiri tili ndi malo awiri. Madzi akaphwa timatsikira ku madimba kukabzala chimanga, mbatata ndi nyemba pa chinyezi chimene mtsinje wasiya, ndipo anthu amagona komweko masabata ambiri m'tizisakasa. Chakudya chenicheni cha kuno chimachokera kumeneko, chifukwa mvula ya kumtunda siidalirika. Ndiye kalembera akalengezedwa madzulo kuti mawa m'mawa pa sukulu, theka la mudzi lili kudambo. Amene apezeka ndi amene analibe mphamvu zopita kumunda ndi amene ali pafupi ndi mfumu. Anzathu a kwa Nyachikadza, amene ulendo wawo uliwonse umayamba ndi bwato, vuto limeneli amalidziwa kuposa ine.

Mayina nawo amatigwetsa. Kuno kumalire ambiri tili ndi mayina ochokera ku Chipwitikizi, ndipo mlembi aliyense anawalemba mmene anamvera: kusukulu mwina, ku tchalitchi mwina, pa chiphaso mwinanso. Munthu akaona mayina awiriwo amadziwa kuti ndi munthu mmodzi. Kompyuta ikapeza chilembo chimodzi chosiyana imati ndi anthu awiri, kapena kuti palibe munthu wotero.

Kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017, amene bungwe la NRB linalemba anthu oposa 9 miliyoni, anali ntchito yaikulu ndipo tinaiyamikira. Kuyambira 2018 simukhadi iliyonse inayamba kulembetsedwa, ndipo pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, chiphaso chomwecho ndicho chinkagwira ntchito pogula feteleza, ogulitsa akuchijambula ndi foni. Nyuzipepala zinalemba kwambiri chaka chimenecho za alimi ogona pa mizere chifukwa cha netiweki. Chimene ndikufuna anthu aone ndi chakuti kakhadi kamodzi kameneka tsopano kanyamula zinthu zambiri: foni, ndalama, feteleza, chithandizo. Kakapita ndi madzi, zonse zimatsekeka pamodzi, pa nthawi imene munthu akuzifunitsitsa. Kuti wa kuno akafike ku boma la Nsanje ayenera kukwera kabaza, kuwoloka pa bwato ku Mtayamoyo, kukwera minibasi pa Bangula, chifukwa njira yolumikiza Bangula ndi Chiromo inakokoloka mu 1997. Ndalama ya ulendowo aitenga kuti, pamene ndalama yake yatsekeredwa m'foni yofuna chiphaso chomwecho? Chithunzi chake ndi zidindo za zala zake zili kale m'kompyuta ya boma. Ndiye madzi akangophwa, ogwira ntchito za ziphaso azifika m'misasa pamodzi ndi magalimoto a ufa, osati anthu aziwalondola. Ndiwonjezere kuti kachipangizo kowerenga zala kasakhale kokha koweruza, pakuti zala za asodzi ndi za anthu ogwira khasu moyo wawo wonse zinafufutika mizere.

Za magetsi ndi netiweki aliyense akudziwa. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi 130 megawatts, ndipo kuzimazima kunatenga miyezi yambiri. Nsanja za mafoni nazo zimadalira magetsi ndi mafuta ofika pa msewu. Kumalire, cha ku Marka ndi kwa Ndamera, foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique m'malo mwa ya kwathu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, mabatire amafufuma, tabuleti imazima yokha, ndipo padzuwa suona chilichonse pagalasi pake. Chipangizo chilichonse chobwera kuno chizitha kugwira ntchito popanda netiweki n'kutumiza zimene chalemba pambuyo pake. Wosema bwato amayamba wafunsa ngati likayenda pa Shire kapena m'dambo la mabango asanagwetse mtengo.

Ndisamangodandaula ngati kuti m'dziko muno simunachitikepo zabwino. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, kenako boma linachitenga n'kuchifalitsa dziko lonse. Munthu amaimba foni mwaulere n'kulankhula ndi munthu wodziwa zaumoyo. Taonani mmene anaganizira: palibe chowerenga, palibe mayunitsi, palibe bandulo, foni yobwereka imakwana. Mayi woyembekezera amene akuona zachilendo usiku amatha kufunsa ngati n'zoti adikire kuche kapena adzutse wa kabaza pompano. Kwa munthu amene chipatala chili kutali, yankho limenelo ndi lamtengo wapatali.

Bungwe la Baobab Health, limene linayamba ntchito pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe cha m'ma 2001, linaona kuti alembi ndi anamwino ambiri sanazolowere kutaipa, ndiye linaika makompyuta ongokhudza pagalasi ndi chala, osadya magetsi ambiri, otha kuyendera mabatire. Silinathetse buku la kuchipatala limene wodwala amasunga yekha, koma linkasindikiza kapepala komata m'bukumo. Ndiye kuti makina akafa, mbiri ya wodwala ikadali m'manja mwake. Ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete, mu 2008, anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi anapatsidwa mafoni wamba kuti azitumiza mameseji ku chipatala m'malo mopalasa njinga mtunda wautali kukangonena kuti wodwala wakuti mankhwala amuthera. Ngakhale M-Pesa ya ku Kenya, imene inatsegulidwa mu 2007 ndipo ndi kholo la ntchito yanga ya ejenti, poyesedwa koyamba inali yobwezera ngongole zing'onozing'ono. Eni ake ataona kuti anthu akuigwiritsa ntchito potumizirana ndalama, sanawakalipire kuti mukulakwitsa, koma anasintha malondawo kuti atsatire zimene anthu ankachita. Onsewa anayamba ndi kuyang'ana munthu, makina anabwera pambuyo.

Pa machenjezo a kusefukira kwa madzi ndiye mpamene nkhaniyi imakhudza moyo weniweni. Madzi amene amatipha kuno nthawi zambiri si a mvula yogwa kuno. Imagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, n'kutsika ndi Ruo, ife kuno kumwamba kuli nyenyezi. Mu Januwale 2015 Ruo anasintha njira n'kusandutsa Makhanga chilumba. Anthu a zanyengo amayesetsa, ndipo masiku ano amachenjeza namondwe asanafike. Koma uthenga wonena kuti kugwa mvula ya mamilimita akutiakuti m'chigawo cha kummwera suuza mayi wa kwa Osiyana choti achite. Iye akufuna kudziwa zinthu zitatu: madzi afika liti, athawire kuti, ndipo kodi ziweto azitenge kapena azisiye. Anthu ambiri amene amakana kuthawa si ouma mutu, akuopa kuti akabwerako akapeza ng'ombe zabedwa. Chenjezo limene silinena za ng'ombe lasiya theka la nkhani.

Njira imene ndaiona ikugwira ntchito ndi yosavuta. Kumtunda kwa mtsinje kumakhala chipilala chopakidwa mitundu, munthu wodzipereka amachiwerenga, madzi akafika pofiira amaimbira anzake a kumunsi, iwowo n'kutenga chimkuzamawu, wenzulo, ng'oma kapena belu la tchalitchi. Foni ili m'kati mwa njirayi, koma pomaliza pamakhala munthu amene anthu amamudziwa ndi kumukhulupirira. Imafooka pa zinthu zazing'ono zomvetsa manyazi: wowerenga chipilala alibe mayunitsi, alibe tochi, mabatire a chimkuzamawu anatha chaka chatha. Bungwe limatha kugula pulogalamu ya ndalama zambiri yojambula mapu a madzi, koma osaika mu bajeti mayunitsi a mnyamata amene amaima m'mphepete mwa mtsinje pakati pa usiku. Ndipo wailesi musaiiwale. Nsanja zikagwa, kawailesi ka mabatire kamalankhulabe.

Mabungwe amakonda kuwerenga anthu amene awalemba ndi mameseji amene atumiza. Chiwerengero chimene ine ndikufuna kuchiona m'malipoti awo ndi cha amene anayesa n'kulephera: angati anabwerera kunyumba opanda kanthu, chifukwa chiyani, ndipo zinatenga nthawi yaitali bwanji kuti vuto lawo likonzeke. Chiwerengero chimenecho ma ejenti tili nacho m'mitu mwathu, alangizi a zaumoyo ali nacho, aphunzitsi ali nacho, koma palibe amene amatifunsa. Nambala zoimbira madandaulo zilipo pa zikwangwani, inde. Mayi wina woyandikana nane anaimbapo ina ya bungwe lina, anamuyankha mwaulemu kuti nkhani yanu taimva, ndipo panathera pomwepo. Dandaulo lililonse lizipatsidwa nambala yake ndi tsiku loyankhidwa, ndipo yankho lizibwera ngakhale likhale loti ayi. Bokosi la madandaulo loikidwa pakhonde la mfumu, pamene dandaulo likukhudza mfumu yomweyo, ndi bokosi lopanda ntchito.

Pulojekiti ikatha, zipangizo zimasanduka zinyalala. M'maofesi ang'onoang'ono a m'madera muli matabuleti ogona m'makabati chifukwa bandulo inkalipiridwa ndi bungwe limene linapita, kapena tchaja inaonongeka, kapena munthu yekhayo wodziwa nambala yotsegulira anasamutsidwa. Mlangizi mmodzi wa zaumoyo amatha kunyamula mafoni awiri kapena atatu a mabungwe osiyana, aliyonse ndi pulogalamu yake, n'kumalembanso zomwezo m'kaundula wa pepala. Nthawi yoyeza ana sikelo ikuthera pa kudina. Boma lisamalole bungwe kubweretsa chipangizo lisananene kuti ilo likachoka adzalipira bandulo ndani, ndipo adzakonza ndani chikaonongeka.

Pempho langa kwa onse okonza njirazi, a boma ndi a mabungwe omwe si aboma, ndi loti asanafalitse chinthu adzachiyesere kuno. Sindikunena za msonkhano wa ku hotela kumene anthu osankhidwa amalandira alawansi ndi botolo la fanta, akafunsidwa n'kuyankha kuti zili bwino kwambiri bwana. Munthu wa kuno sangauze mlendo amene wamubweretsera chithandizo kuti chinthu chake n'chovuta. Amaopa kufufutidwa m'kaundula, komanso ndi ulemu umene tinaleredwa nawo. Ndikunena kuti abwere munthu amene amalemba pulogalamuyo ndi manja ake, osati womuimira. Akhale pansi pa mtengo masana a Okutobala, apereke foni ya mabatani kwa agogo, awauze kuti ndalama zanu zalowa, tapani, kenako apinde manja akhale chete. Asawathandize, asawafotokozere. Angoona pamene chala chaima, pamene nkhope yasintha, pamene agogo atembenuka kufunafuna mdzukulu. Akatero ndi anthu ochepa chabe adzakhala ataona zambiri zimene lipoti la masamba zana silingamuuze. Abwerere akakonze, adzayesenso. Ayesenso netiweki atazimitsa, ayese ndi munthu wopanda chiphaso, ayese ndi mkazi wachiwiri wa pa mitala. Mtengo wa zonsezi sufika pa mafuta a galimoto zimene zimabwera pa mwambo wotsegulira pulojekiti.

Wina adzati kutero kuchedwetsa ntchito, anthu akuvutika ndipo chithandizo chifunika msanga. N'zoona kuti madzi akasefukira si nthawi yoyesa mafomu. Koma madzi a kuno sabwera modzidzimutsa ngati mmene malipoti amanenera. Tinawaona mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023. Miyezi ya chilimwe ilipo yokwanira kukonza fomu, kuyesa mauthenga, kutsimikizira manambala a foni ndi kukambirana ndi ma ejenti. Achinyamata odziwa makompyuta amene anakulira ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nchalo aliponso, olankhula Chisena ndi Chimang'anja, ambiri akungokhala. Alembeni ntchito yokonza nawo zinthuzi, osati yongonyamula matabuleti.

Kwa inu Akonzi, atolankhani anu amafika kuno madzi akasefukira, kudzajambula madenga ali m'madzi. Tumizani mmodzi pa tsiku lolandira ndalama za chithandizo, aime pa mzere wa ejenti aliyense kutsidya kuno kuyambira m'mawa, afunse amene akubwerera osatapa kuti chavuta n'chiyani, kenako akafunse mafunso omwewo kwa amene anakonza njirayo. Abwere mvula isanayambe, msewu wa ku Thabwa ukadali wodutsika.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Muona, Nsanje.